Chaka Chimene Tinathawa Chisanu

Ana inu, adzukulu anga nonse, ndi inu omwe mumakumbukira njira ya kuno pokhapokha mapichesi akapsa, ndine gogo wanu ndikulankhula. Zilembo zanga ndi zazikulu ngati mapazi a ng'ombe m'matope, chifukwa ku shikola ya ku Fonte Boa ndinangokhalako pang'ono, apadiri n'kuona kuti mawu angawa akugonthetsa ana a eni. Koma muwerenge ndithu. Woseka akasekere kwa amake.

Ndamva kuti iwe Tome ukufuna kutsikira ku Tete ndi mkazi wako ndi kakhanda kaja, ati kuno kukuzizira ndipo ntchito kulibe. Ati wafunsa telefoni, telefoniyo yakuuza kuti uko kumatentha mwakuti, kuno mwakuti. Kodi telefoni ili ndi khungu? Inalumidwapo ndi udzudzu? Sindikukuletsa, miyendo ndi yako. Koma ulendo umenewo ine ndinauyenda amako Luwiza akadali kumsana, Apwitikizi akadali eni mbendera. Ndiye tatchera khutu, ndi enanu mumve nawo.

Chimene mukuchitcha chisanu lerochi ndi kamphepo chabe. Mumavala majuzi awiri, masokosi, chipewa cha ubweya, n'kumalirabe. Ife tinali ndi gombeza limodzi la ku kantina, ena chikopa cha mbuzi basi. Junyu akafika, udzu wa kudambo unkayera m'mawa ngati wina wamwaza ufa, mapazi athu ali ming'alu yoti n'kubisamo njere ya chimanga. Koma kunali kokoma, ana inu! Tikatsekulira ng'ombe, tinkaponda pamene yagona, pofunda paja, mpaka zala zitadzuka. Kachewere tinkakwirira m'phulusa kubusa, kumuswa ndi manja akutentha, n'kutsitsira chambiko. Nyemba za kuno, kabichi wa kudimba wamutu ngati wa munthu, chimanga chodzaza nkhokwe mpaka kukumana ndi chinzake. Njala tinkangoimva kuti kwina iliko.

Nyumba zathu zinali zomangira chisanucho. Zozungulira, zazifupi, dothi lochindikala, khomo laling'ono loti ulowe chowerama. Zenera? Ndani angaboole nyumba yake dala? Moto unkayaka pakati, osazima nyengo yonse yozizira, denga lili bii ndi mwaye, chimanga cha mbewu chili lende pamwamba kuti anankafumbwe asachiyandikire. Ukalowa maso ankayamba alira kaye, kenako n'kuzolowera. Umo ndimo tinabadwira tonse, ine, ababa anga, ndi amene anabala ababa.

Ndinakwatira agogo anu aakazi, Nangozo, ndili mnyamata woti ndikaitana ng'ombe kutsidya, za eni ake zomwe zinkabwera. Mwana wathu woyamba anali wamwamuna. Inu simumudziwa, ndipo dzina lake sitilitchula kawirikawiri. Anadwala chifuwa m'nyengo yozizira, tinamuika m'manda mphepo ikuomba. Kenako kunabwera Luwiza. Chisanu chake choyamba anatsokomola, tinati ndi za ana. Chachiwiri anatsokomola mpaka m'chifuwa kumalira ngati kamwana ka mphaka, tinthiti tikuoneka tikukoka mpweya. Ife tinkangowonjezera nkhuni pamoto kuti afundidwe. Nangozo sankalankhula zambiri, koma ndinkamuona akuyang'ana njira ya kumanda, n'kutembenuza nkhope msanga. Ndinati mumtima mwanga, chisanu chinadya mmodzi, uyu sichimuona.

Chaka chomwecho anabwera akulu anga a Zuze, amene ankagwira ntchito ya malasha ku Moatize. Anafika atavala nsapato zowala ndi malaya opyapyala, akunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa.

"Iwe, mukukhaliranji m'dziko la mfiti lino?" anatero. "Kwathu kumunsi mwana amagona chimaliseche chaka chonse. Chifuwa kulibe. Malo ali mbwee, ungolima pamene wafuna. Bwera udzaone ndi maso ako."

Ndinapita kukaona. Ndinakwera kamiyau, lole ya mwini kantina wa ku Vila, kumene inu mukuti ku Ulongwe, pamwamba pa matumba a kachewere. Inu mumakwera chapa, minibasi yanu ija, kukhala pampando, n'kumadandaula kuti yachedwa. Ife tinkagwira chingwe ndi manja onse, fumbi lili m'mano. Tinanyamuka nditadzikulunga m'gombeza. Titatsika mapiri ndinachotsa gombeza. Patsogolo pang'ono ndinavula jekete la ababa. Pofika kumene kuli milambe, mitengo yonenepa ngati nkhokwe ija, ndinali ndi malaya okha, ndikuimba.

Ana inu, dziko lija m'mwezi wa Junyu ndi mtsikana wa pa Misa. Kamphepo kayaziyazi, dzuwa laubwenzi. Masau anali atapsa, ana akutola m'madengu, ine ndinadya mpaka mano kuyayamira. Mbuzi zonenepa, nsomba za mu Revubwe, mtsinje womwe uja umayambira kwathu kuno koma kumeneko wakula, wasanduka bwana. A Zuze anandionetsa malo pafupi ndi kamtsinje kena kamene kanali ndi madzi oyera. Ndinagona pamphasa popanda chofunda, ndinadzuka mafupa ali osangalala. Ndinayang'ananso ana a kumeneko, palibe ndi mmodzi yemwe wotsokomola.

Pobwera ndinayamba kufuula ndisanafike pakhola. "Nangozo! Manga katundu! Ndalipeza dziko!"

Ababa anali pakhonde akusoka goli. Anali munthu wanthabwala, sankakalipa. Anandifunsa kuti, "Wakhalako nthawi yotani?"

"Yokwanira, ababa."

"Mkazi ukamuona pa Misa wadzola mafuta. Ukamuonenso kwa amake tsiku lopalira. Dziko lako lija waliona likupalira?"

"Ababa, mwana akufa ndi chisanu."

Apo anayang'ana Luwiza amene anali pamiyendo ya amake. Kenako anati, "Pita. Koma ng'ombe usiye. Kumeneko kuli ntchentche zoluma, ndipo munthu wogulitsa ng'ombe wagulitsa njira yobwerera."

Ndinali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, Sabau yoyera ndi Makala yakuda, zimene zinkakoka khasu la ng'ombe osafuna chikwapu. Kuzisiya kunandiwawa kuposa kusiya anthu, ndipo musakauze azakhali anu. Nangozo anangoti, "Ngati mwanayu akapume kumeneko, tiyeni, bambo a Luwiza." Titakolola tinanyamuka, ndi miphika, makasu, thumba la chimanga, ndi dengu la kachewere wa mbewu amene ndinasankha ndekha mmodzimmodzi.

Nditafika ndinamanga nyumba. Ndipo inali nyumba, osati masewera! Yozungulira, yaifupi, dothi lochindikala, khomo laling'ono lofulatira mphepo, monga anandiphunzitsira ababa. Woyandikana naye wanga anali Mnyungwe wina wamtali woonda, a Sinoya, munthu wa mbuzi zambiri ndi pakamwa posatopa. Ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaima chapatali, manja kumbuyo.

"A Mangoni, mukumanga chiyani pamenepa?"

"Nyumba. Simukuona?"

"Ine ndimayesa uvuni wa buledi. Nanga mpweya uzilowera pati?"

"Mpweya ndi umene ndathawa kwathu," ndinatero. "Inu nyumba zanuzo ndi madengu. Nkhuku ikadutsa kuseri mumaiona muli m'kati."

"Chabwino, a Mangoni. Mukapsa mundiitane, ndibwere ndi tiyi."

Zawo zinalidi zoboola uku ndi uku, khonde lalikulu, ndipo kophikira kunali pakanyumba kena kapadera kopanda makoma. Ndinkaziseka kwambiri.

Ndiye kunabwera Otubru. Ana inu, dzuwa la kuno ndi mlendo waulemu, limalowa ndi odi. La kumeneko limakukhala pamutu ngati mkazi wokwiya. Mchenga unkawotcha mapazi anga omwewa amene ankaponda minga osamva. Khasu ukalisiya padzuwa sungaligwire. Kamtsinje koyera kaja kanasanduka msewu wa mchenga, Nangozo ankakumba ndi chipande mpaka mkono wonse kulowa kuti apeze madzi amtundu wa thobwa. Mbuzi zinkabisala pansi pa ngolo za eni, agalu malilime panja, anthu onse ali gone pansi pa mitengo masana ngati kwagwa maliro. Ine mwana wa Mngoni kugona masana! Ndinayesa kulima dzuwa lili pamutu kuti ndiwaonetse, ndinadzuka a Sinoya akundithira madzi kumaso, akuti, "Buledi wapsa."

Kachewere wanga wa mbewu anafota m'dengu, ena anaola n'kumanunkha. Otsala ndinabzala ndithu, anatulutsa timasamba tiwiri n'kugona. Ndiwo zinali nsomba zouma ndi therere, ufa wa mapira umene mimba yanga inkakangana nawo. Ndinkalota kabichi. Munthu wamkulu kulota kabichi! Ndinkalota nkhungu ikutsika m'phiri la Domwe, ndi fungo la khola m'mawa.

M'nyumba yanga yokongola ija simunkalowekanso. Tinayamba kugona panja pamphasa monga Anyungwe, ndipo Nangozo ankaphika pansi pa mtengo. Koma mverani ichi: Luwiza analeka kutsokomola. Analekeratu! Kamphaka ka m'chifuwa kaja kanachoka. Anayamba kuthamanga, kuthamangitsa tiana ta mbuzi ta a Sinoya, kufuula ndi mawu amene aliyense ankadziwa kuti watengera ndani. Ndinati zonse ndipirira, dzuwa lindiwotche mpaka ndide ngati Makala, bola mwana akupuma. Ndinatumiza mawu kwa ababa kuti auzeni onse, ine ndinanena.

Mvula itagwa, dziko linasintha nkhope kachitatu. Madzi anadikha paliponse, ndipo kunabuka udzudzu. Kuno udzudzu umabwera umodzi, kuimba kanyimbo kake n'kupita. Kumeneko umabwera ngati matropa, asilikali a Apwitikizi. Panja sipankagonekanso chifukwa cha mvula, ndiye tinabwerera m'nyumba muja. Pofuna kuthamangitsa udzudzu ndinachita zimene ndinkadziwa: ndinasonkha moto pakati, kuikapo masamba aawisi ndi ndowe zouma, n'kutseka chitseko. Utsi unadzaza bwino, ngati kwathu. Ndinamva ngati ndafika kumudzi.

Kutacha, Luwiza anali akutsokomola. M'dziko lotentha, thukuta lili kamukamu, mwana akutsokomola chifuwa chomwe chija cha mu Junyu.

Tisanamvetse za chifuwacho, malungo anamugwira. Ana a kumeneko amadwala malungo n'kudzuka, magazi awo anazolowera. Mwana wa kumapiri alibe chishango. Thupi linatentha ngati mwala wa padzuwa, maso anatembenuka, manja kuuma. Ndinamunyamula paphewa masana dzuwa likuswa mtengo, kuthamangira ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi njanji, Nangozo akubwera pambuyo nsalu ili m'manja. A Sinoya, pakamwa paja patatsekeka tsiku limenelo, anathamanga nafe atanyamula chikho cha madzi, akumuwaza mwana pamutu njira yonse. Anamubaya, anatipatsa kinino wowawa uja. Masiku amene anatsatira sindifuna kuwalemba. Anadzuka, koma atatsala maso okha.

Tsiku lina Nangozo akusinja mapira, ine ndili chikhalire pamthunzi, nanenso malungo atandipeperetsa, anaimika munsi.

"Bambo a Luwiza, ndifunse?"

"Funsa."

"Kodi mwanayu anachira liti chifuwa?"

"Titafika kuno kotentha."

"Iyayi. Titafika tinkagona m'nyumba, ndikuphikira momwemo, ndipo ankatsokomolabe. Analeka titatuluka panja. Nanga chayambiranso liti?"

Ndinayamba kuwerenga masiku ndi zala.

"Kunja kunali chisanu tsiku limene munasonkha ndowe lija?" anatero. "Ine ndikuona ngati tathawa galu, koma chotiluma tabwera nacho m'thumba."

Ndinadzuka, ndinalowa m'nyumba muja, ndinayang'ana kudenga. Nyumba ya miyezi yochepa, udzu unali utayamba kale kuda. Ndinaganiza za denga la kwathu lonyezimira ndi mwaye, ndi tonse amene tinkati kutsokomola m'mawa ndi moni wa munthu wamoyo. Ndinaganizanso za mwana wanga woyamba uja, ndi nkhuni zimene tinkawonjezera. Ndinatuluka.

"Nangozo, ukutanthauza kuti tibwerere?"

"Ine sindinatero. Mutu wa banja ndinu. Koma malungo akabweranso, mwanayu alibe thupi lina loti apereke. Utsi tingathe kuutulutsa m'nyumba. Udzudzu mungautulutse m'dziko?"

"Nanga chikakhala chisanu ndithu? Tikakafika Junyu n'kuyambiranso?"

"Pamenepo tidzakhala tayesa zonse," anatero, n'kutolanso munsi.

Ana inu, musaganize kuti zinali zophweka. Kumunsi kunali malungo amene ndinawaona ndi maso, kumtunda kunali manda amene ndinakumba ndi manja. Ndipo mawu a agogo anu anali ongoganizira, panalibe dotolo anatiuza. A Zuze anakwiya, anati ndikuwachititsa manyazi kwa anthu amene anandipatsa malo. Ndinaganiziranso za kumudzi, kumene ndinatumiza mawu odzitama aja. Koma mwamuna weniweni amatembenuza ngolo poyera, anthu akuona. Ndinati tikupita.

A Sinoya anatiperekeza mpaka pamsewu, anapatsa Luwiza kambuzi kakakazi. "A Mangoni," anatero, "uvuni wanu uja ndisungiramo mbuzi zikandilakwira." Ndinawagwira dzanja nthawi yaitali. Sindinawaonenso. Pamsewu magalimoto a matropa anali atayamba kuchuluka, ndipo zaka zotsatira kumunsi kuja kunavuta, nkhondo itafika, Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda. Mpaka lero ndikadya masau ndimamva mawu awo.

Titayamba kukwera mapiri, mphepo ya kwathu inandimenya kumaso, ndinalira ngati mwana, ndikunamizira fumbi. Ababa anationa tikubwera, sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Sabau wakhala akukufunsa." Ndinalowa m'khola ndisanalowe m'nyumba.

Tsopano ndinasankha malo ngati munthu amene waona mbali zonse. Amalume a Nangozo anali ndi malo cha ku Lifidzi kuno, anati ndiloze pamene ndafuna. Sindinathamange. Ndinayenda m'mawa, ndinayenda madzulo, ndinafunsa amayi okatunga madzi kuti chitsime chimaphwa liti, ndinafunsa abusa kuti ng'ombe zimakonda kugona pati. Kudambo ndinakana, chifukwa chisanu chimatsika n'kukagona kumeneko ngati madzi. Pamwamba pa chitunda ndinakana, mphepo ya mwera imameta. Ndinasankha pakati, kuseri kwa chitunda, poyang'ana kotulukira dzuwa. Ndi pano pamene mumadyera mapichesi.

Nyumba ndinamanga ya makoma ochindikala monga kwathu, koma ndinaboola mazenera awiri a matabwa otsekula masana, ndipo kophikira ndinamanga padera monga Anyungwe. Moto m'nyumba yogona ndinaletsa. Mudzi wonse unabwera kudzaseka.

"Wapenga ndi dzuwa la ku Tete uyu!"

"Mwana wachifuwa kumugoneka m'nyumba yopanda moto? Ukufuna kukumbanso?"

Amene ananena mawu achiwiriwo anali apongozi anga enieni, ndipo anandilasa pamtima. Ndinawayankha mwaulemu, koma mawu anga mukuwadziwa, ulemu wake unamveka mpaka kutsidya. Ndinagulitsa nyemba n'kugula magombeza awiri. Ndinafufuta zikopa za nkhosa, ndinapanga kama wa mitengo kuti mwana asagone pansi. Madzulo Nangozo ankaotcha mwala kukhitchini, kuukulunga m'sanza n'kuuika kumapazi kwa Luwiza. Lero nonse muli ndi makhitchini apadera ndi mazenera agalasi, mukuyesa zinagwa kumwamba. Anayamba ndi gogo wanu, akumutcha wamisala.

Meyi anadutsa. Junyu analowa, ndipo chaka chimenecho anabwera ndi mano onse. Masamba a nthochi kudambo anapsa ngati wawathira madzi otentha. Ine amene ndimagona ngati chipika ndinasanduka mlonda, khutu lili kwa mwana. Akatembenuka, mtima uli phaa. Apongozi ankabwera m'mawa uliwonse, ati kudzapempha mchere, koma maso ali pa mdzukulu. Tsiku lina kunazizira kwambiri moti ndinatola nkhuni ndekha n'kuima nazo pakhomo la nyumba yogona. Nangozo anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mukalowa nazo, ine nditulutsa mwana." Ndinakazisiya kukhitchini.

M'mawa mwake ndinadzuka dzuwa litatuluka kale, tulo titandiba. M'nyumba munali zii. Ndinayang'ana pakama, magombeza ali pululu, mwana palibe. Ndinatuluka osavala malaya, ndikuitana dzina lake ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa, mpaka nkhuku zinabalalika.

Bwalo lonse linali loyera ndi chisanu. Ndipo uko kumunsi kwa khola, kanthu kakang'ono kopanda nsapato kanali kakuthamanga pa udzu woyerawo, kakukoka kambuzi ndi chingwe, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati nthunzi. Kanaima, kanatembenuka, kanakoka mpweya wozizirawo chifuwa chonse, ine ndikudikira kuti tsopano chiyamba. Sichinayambe. M'malo mwake kanakuwa, mawu omveka mpaka kwa apongozi:

"Ababa, musasokose! Mukundithawitsira mbuzi!"

Nangozo anali pakhomo la khitchini, chipande m'manja, misozi ikutsika. Apongozi anali atangofika ndi kambale kawo ka mchere. Anayang'ana mwana, anayang'ana mazenera anga, n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo a Luwiza, mukapeza nthawi, mudzandiboolereko kamodzi. Kakang'ono."

Ndinakawaboolera awiri.